Apongozi akubwera kuchokera ku Lilongwe, ndikawaonetse kuti mu Lusaka muno?

Amake Tiyamike: Mwachoma bwanji nonse. Ndithandizeniko nzeru abale anga. Apongozi anga aakazi ndi alamu anga akubwera kuchokera ku Lilongwe Lachisanu likubwerali, abwerera Lachiwiri. Amayiwo mu Lusaka anapondamo komaliza nthawi ya KK, Pulezidenti Kenneth Kaunda, ija yofola pa mzere kudikira shuga ndi saladi, ndiye pa foni akungoti mwana wanga tamva kuti mzinda wanu unasintha, ukandizungulitse ndikaone ndi maso anga. Ine pulani yanga inali Manda Hill, East Park, mwina ndi Levy basi, koma bambo a kunyumba akuti ukangowatopetsa ndi mashopo. Ndiwatengere kuti?

Dali wa pa msewu: Asisi muyambe mwatiuza, abwera na basi olo na ndeke?

Amake Tiyamike: Basi achimwene, ya ndeke ndiitenga kuti kkkk. Adutsa pa Mwami m'mawa, pa Intercity afika kutada.

Dali wa pa msewu: Ndiye vabwino, muwauze chabe akhale ku windo. Akapitirira pa Chelstone azaona okha flyover ya pa Munali, UNZA, East Park, flyover ya pa Arcades, Manda Hill, vonse vili mu Great East imodzimodzi na malaiti yayaka. Lusaka yanyowani azaiona mahala ali pa mpando. Sembe anali wa ndeke nikanati terminal yanyowani ija anatsegula mu 2021 ndiye poyambira

Amalume a ku Chilenje: Mwana wanga, paja mumakhala ku Libala eti? Ndiye bwanji mukufuna kuwoloka tauni yonse kukaonetsa munthu wamkulu Shoprite, pomwe ku Lilongwe anasiya mashopo akuluakulu awo? Chilenje House ili pakhomo panu pomwepo. Nyumba nambala 394, a Kaunda anakhalamo kuyambira January 1960 mpaka December 1962, ndipo zambiri za chipani chawo cha UNIP za nthawi ya Cha Cha Cha, ija yomenyera ufulu, zinkakambidwa m'kanyumba kameneko. Mukalowa mudzadabwa kuchepa kwake, tizipinda tating'onoting'ono, katundu wa m'nyumba wa nthawi imeneyo akadali momwemo, panja pali Land Rover yomwe ankayendera. Munthu wa msinkhu wa apongozi anuwo akaima pakhomo paja adzayamba yekha kufotokoza nkhani, inu simudzavutikanso kuyankhula.

Amake Tiyamike: Ana anapitako ndi sukulu amalume, anabwera akusimba za galimoto yomweyo.

Wa ku Dedza: Komanso muwakumbutse kuti bambo ake a KK, a David Kaunda, anachokera kwathu ku Nyasaland, anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukayambitsa ntchito ku Chinsali. Amayiwo akasangalala, akaona ngati akuyendera nyumba ya mwana wa kwawo.

Mbuya Wathu: Yaba mwayambako. KK ni wathu wa ku Lubwa, imwe a kum'mawa khalani chabe na mbewa zanu 😂

Anaphiri a ku Kamwala: Ambuya gulu lino ndi la anthu, anyani amalowa bwanji kodi? Admin tachotsani uyu kkkkk

Mbuya Wathu: Ninakwatira mwana wanu, lobola ninalipira yonse, simunganichose

Kondwani: Ine ndigwirizane ndi amalume koma ndionjezereko. Vuto lathu tikati Lusaka yasintha timaloza ma mall, pomwe ma mall onse amafanana, denga la malata, magalasi kutsogolo, car park yaikulu, mashopo omwewo a ku South Africa. Manda Hill inatsegulidwa 1999, Arcades inabwera pambuyo pake, Levy 2011, kenako East Park pa malo a UNZA, ndipo lero pafupifupi dera lililonse lili ndi yake. Sindikunyoza ayi, ndimapitako inenso. Koma nyumba zomwe mlendo sangazione kwina zili mu Independence Avenue. Mzinda uno unakhala likulu mu 1935 atalichotsa ku Livingstone, ndipo azungu anaujambula kuti ukhale wa mitengo ndi misewu yotakata cha ku Ridgeway kuja, n'chifukwa chake Cabinet Office, High Court ndi State House zili mu mzere umodzi pamtunda, kutali ndi njanji ndi fumbi la ku Cairo Road. Muyende nawo pang'onopang'ono msewu umenewo. Muime pa Cathedral of the Holy Cross ya Anglican, ya 1962, mulowe mkati dzuwa likadali pamwamba. Kunja imaoneka ngati konkire chabe koma mkati tigalasi tamitundumitundu tija timathira kuwala kofiira, kobiriwira, kwachikasu pa mipando ndi pansi ponse, ngakhale munthu wosapemphera amatsitsa mawu.

Dali wa pa msewu: A injiniya ayamba lecture

Kondwani: Sindinathe kkk. Findeco House, nsanjika 23, ya m'ma 1970, anaijambula akatswiri a ku Yugoslavia, pansi ndi yopyapyala pamwamba yotakata ngati yaima ndi mwendo umodzi. Anthu a ku Yugoslavia omwewo ndi amene anamanga Mulungushi mu 1970 m'miyezi yochepa chabe kuti kuchitikire msonkhano wa mayiko osakhala mbali ya America kapena Russia. Pafupi pomwepo pali Kenneth Kaunda Wing ya 2022 yomwe anamanga a China msonkhano wa African Union usanachitike, ndiye mlendo akaima pamenepo akuona zakale ndi zatsopano pabwalo limodzi. Nyumba ya malamulo nayo ili chapafupi, yokutidwa ndi kopa wathu.

Amalume a ku Chilenje: Mnyamata uyu sukulu sinapite pachabe. Findeco ija apongozi anu aidziwa, nthawi yawo aliyense wobwera mu Lusaka ankayamba wakweza khosi kuiyang'ana.

Mai Busa: Koma Cairo Road ya lero mungatengereko mlendo zoona? Ine mtima umandiwawa ndikadutsamo. Kale munthu unkavala bwino kupita mu Cairo Road, mitengo pakati, mabuku, nsapato za Bata, positi ofesi. Lero mashopo abwino onse anathawira ku ma mall, nyumba zambiri penti inasuluka kalekale.

Kondwani: Ndi zomwe ndikunena amayi. Ndalama zinasamukira kum'mawa kwa mzinda, Great East, Kabulonga, Ibex, Leopards Hill, tauni yeniyeni inasiyidwa. Tinakonza misewu yodutsa pamwamba pa tauni, tauniyo sitinaikonze. Ndipo pokuza misewu ija mitengo yambiri yakalekale inagwetsedwa, ena tinalira nayo.

Dali wa pa msewu: Apo nikana a Kondwani. Imwe mumayenda na mapazi pa campus, ise tili pa steering tsiku lonse. Mukumbuka mmene panalili pa Munali roundabout 2017? Pa Makeni? Munthu unali kuzimya injini n'kugula chimanga chootcha n'kudya chonse mota osasuntha. Ma flyover yanayi yaja, Makeni, Arcades, Munali na Longacres, yanayamba 2018 na nkhongole ya ku India, yanathandiza zoona. Mitengo ni yabwino koma siifikitsa mwana ku sukulu. Chabe kuti manje jam inasamukira kutsogolo, ukatsika flyover uipeza ikukuyembekeza pa Kabwe roundabout kkkk

Kondwani: Ndiye mwavomera nokha.

Dali wa pa msewu: Navomera hafu

Anaphiri a ku Kamwala: Inu azibambo mwachuluka nkhani za konkire. Mzimayi wachoka ku Lilongwe ulendo wa tsiku lathunthu, mukuganiza kuti akabwerera kwawo anzake a ku chigwirizano akamufunsa za Findeco? Akamufunsa kuti watibweretsera chitenje chanji. Amake Tiya, Lolemba m'mawa mubwere nawo ku Kamwala mundipeze, ndikuzungulitsani ndekha. Loweruka masana ndi Lamulungu mashopo ambiri amwenye amakhala otseka ndiye musataye nthawi. Zitenje muyambe mwazungulira mashopo angapo musanatulutse ndalama, mtundu womwewo mtengo umasiyana khomo ndi khomo, ndipo mukatenga zambiri amatsitsa. Chitenje muzichigwira, mupotokole kakona ndi zala, ngati chauma gwa ndi sitachi chabe chimenecho, mukachichapa kamodzi chitsala ngati sefa. Muyang'anenso kuseri, chabwino maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri.

Wa ku Dedza: Zoona, azimayi ambiri a geni a ku Lilongwe ndi ku Mchinji amaoda konkuno. Chitsegulireni border yatsopano ija ya pa Mwami mu 2022 yongodinda malo amodzi, kudutsa sikuchedwetsa ngati kale.

Amake Tiyamike: Nanga Soweto asisi? Alamu anga ndi a geni ya tomato ku Lilongwe, akuti akufuna akaone msika waukulu.

Anaphiri a ku Kamwala: Eeh ameneyo ndiye mlendo weniweni. Koma apongozi muwasiye kunyumba apume, mupite awiri ndi alamu anuwo, 6 koloko muli kale kumeneko. Nthawi imeneyo malole a ku mafamu a ku Chisamba, Mumbwa, Mkushi akutsitsa, tomato m'mabokosi amatabwa osanjikiza kupitirira mutu wanu, kabichi mulu ngati chulu, anyezi m'matumba ofiira, anyamata a zamcab akuthamanga ndi mawilibala atasenza matumba asanu asanu akukuwa kuti njira njira, ukachedwa kupatuka wilibala ikupeza m'katumba. Azimayi oodawo ndalama amamanga pa chitenje m'chiuno, akukangana mtengo wa bokosi uku akufinya tomato wa pansi kuona ngati sanabisemo wophwanyika. Mukatha apo mulowe mbali ya zouma, kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga muwaonetse kusiyana kwake, wa ku Mpulungu ndi wokulirapo, nyemba za kabulangeti, za ku Solwezi, mpunga wa ku Nakonde, wa ku Mongu, wa ku Chama kwathu, nsomba zouma, vinkubala m'mabeseni. Zambia yense ali pamenepo. Muvale nsapato zotseka, handibagi musatenge, foni ikhale mkati. Ndipo mukagula musachite manyazi kupempha mbasela.

Dali wa pa msewu: Na mu Katondo Street musapite nao kukachinja ndalama olo anyamata akuitaneni bwanji. Ku bureau chabe

Mai Busa: Ine Soweto ayi pepani. Mlendo timamuonetsa pabalaza, sitimutengera kuseri kwa nyumba.

Anaphiri a ku Kamwala: Amayi busa ndiwo zomwe mumadya ku manse zimachokera kuseri komweko kkkk. Ngakhale ma restaurant a ku Kabulonga amatuma anyamata ku Soweto m'mamawa.

Amalume a ku Chilenje: Apa pali nkhani. Amayi busa sakulakwa kuopa, tonse tikukumbuka kolera ya 2017 mpaka 2018 pomwe asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ndi kutseka misika ina, ndi ija ya kumayambiriro kwa 2024 mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala. Mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu, malo ndi athyathyathya, madzi apansi ali pafupi kwambiri, ndiye mvula ikagwa ku Kanyama ndi ku Misisi madzi sapita kulikonse, zimbudzi zokumba ndi zitsime zimasakanikirana. Anthu tapitirira 2 miliyoni mu mzinda womwe azungu anaupangira anthu ochepa. Flyover siichotsa zimenezo. Koma ino ndi September, kwauma, palibe choopsa mukamadya zotentha ndi kumwa madzi a m'botolo. Ndipo mlendo wochokera ku Lilongwe si mzungu, Mchesi ndi Mtandire amazidziwa, mukamubisira komboni adzadziwa kuti mukumubisira.

Wa ku Dedza: Kkkkk amalume mwatiyalutsa koma ndi zoona. Ngakhale malaiti akathima musapepese, kwathu n'zozolowera.

Amake Tiyamike: Chabwino. Nanga Kabwata Cultural Village ikadalipo bwinobwino? Ndimangodutsa pa Burma Road.

Amalume a ku Chilenje: Ilipo. Tinyumba tozungulira taudzu timene mumationa tija si tomangira alendo ayi, ndi nyumba zenizeni zomwe boma la atsamunda linamangira antchito achikuda m'ma 1930 ndi 1940, kachipinda kamodzi mwamuna mmodzi, chifukwa ankati mkazi ndi ana azitsala kumudzi, munthu wakuda mu tauni ndi wongobwera kudzagwira ntchito. Zambiri anagwetsa m'ma 1970 pomanga ma flat a Kabwata aja, n'kusiyako 43 kuti zikhale chikumbutso ndi malo a anthu aluso. Lero mupeza osema akusema pomwepo pansi pa mtengo, tchipisi ta mukwa tili mbwee, wina akupaka polishi ya nsapato pa mvuu yamtengo kuti ide, ng'oma, madengu, mikanda, zibangili za kopa. Chokoma chake mumagula kwa mwini wake amene wapanga. Mtengo woyamba umene akutchulireni ndi wa azungu, muyankhe mu Chinyanja muona utsika wokha.

Kondwani: Ndipo mukaima pakati pa tinyumbato n'kuyang'ana ma flat kumbuyo kwake, mbiri yonse ya nyumba za mu Lusaka ili pa chithunzi chimodzi. Ajambulitseni pamenepo.

Mbuya Wathu: Nkhani ya vakudya muikamba liti kansi? Nili na njala ine

Dali wa pa msewu: Matebeto ku Thornpark, yasila nkhani. Osati muwapeleke ku pizza asisi, nizakwiya

Amake Tiyamike: Ana akufuna Hungry Lion kkkk

Dali wa pa msewu: Ana muwagulire pobwerera. Ku Thornpark mufike cha m'ma 12 nyama zikali zambiri pa braai. Palibe menu, muyenda chabe n'kuloza, T-bone iyo, bream iyo, nkhuku ya kumudzi, mapazi ya ng'ombe, soseji, akuikirani pa moto muli kuona. Mukakhala pansi abwera na jagi na beseni kukusambitsani m'manja, ndiye tumbale tuyamba kufika, chibwabwa, kalembula, impwa, delele, bondwe, visashi, nyemba, mpaka tebulo osaoneka. Nsima muuze kuti mufuna ya breakfast, unga woyera, olo ya roller, unga wa gaga pang'ono, amayi achikulire ambiri akonda ya roller ndiye ikhala pamimba. Lunch ya pakati pa week pamadzala ma bwana a m'maofesi atapinda mashati, tayi aponya kumbuyo

Wa ku Dedza: Chenjezo limodzi lokha. Musayerekeze kuwauza kuti bream ya ku Kariba kapena ya ku Kafue ikufanana ndi chambo. Mudzayambitsa nkhondo pa tebulo, Mmalawi pa chambo sagonja. Apatseni buka buka ya ku Tanganyika, imeneyo alibe choifanizira.

Mbuya Wathu: Na chikanda! Iyo ni yathu ise a kumpoto, tinakuphunzitsani kudya vabwino

Anaphiri a ku Kamwala: Apa pokha ambuya ndikuvomereni. Koma chikanda chogula mwachisawawa ayi, ena amachulukitsa soda chimawawa kukhosi. Chabwino chimakhala chofiirira, ukachidula mpeni umatuluka woyera, ukachikanikiza chimabwerera. Ndi timizu ta maluwa a m'madambo, amatiyanika n'kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro, soda pang'ono, mchere ndi tsabola, n'kumavundula pa moto mpaka chilimbe, kenako makala pamwamba pa chivundikiro kuti chipse mbali zonse. Timizuto tayamba kusowa kuno moti tambiri timachokera ku Tanzania, n'chifukwa chake chakwera mtengo. Ndili ndi mayi wanga amene amapanga chabwino, ndikusungirani cha Lolemba.

Mbuya Wathu: Mbewa musaiwale kuwapatsa, season ikali, azamva monga ali kwao 😂

Amalume a ku Chilenje: Mbewa akazipeza pa msewu wa ku Katete pobwerera, ife sitidyera mu tauni pamaso pa anthu ngati inu ndi anyani anu.

Admin: Chimbuya, kusereulana kwathu kwa a kum'mawa ndi a kumpoto, chikhale ndi malire abale, ena pano ndi atsopano angaganize kuti mukumenyana zenizeni.

Mai Busa: Za Mulungu musaiwale. Ngati amayiwo ndi a CCAP ya Nkhoma, Lamulungu mubwere nawo ku Reformed Church, muzu wake ndi umodzi, amishoni a Dutch omwe aja, nyimbo zambiri adzaimba osayang'ana m'buku. Komanso mwachita mwayi, Loweruka limeneli ndi lomaliza la mwezi, kuli msika uja wa pa Dutch Reformed ku Kabulonga. Kumakhala zosema, nsalu, mbewu za maluwa, mabuku akale, zakudya za mitundu yosiyanasiyana, amwenye, ma China, azungu, tonse pabwalo limodzi, ndipo ndi poyera bwino munthu wamkulu atha kukhala pansi n'kumamwa tiyi. Mukadutsa m'misewu ya Kabulonga ndi Rhodespark mwezi uno jakaranda wachita maluwa, msewu wonse bii wofiirira.

Kondwani: Ukaphonya umenewo pali wa Lamulungu pa Arcades, zinthu zake n'zofananako. Ngati alamu anu amakonda zojambula, Henry Tayali Gallery ili mu Showgrounds pafupi pomwepo, dzina lake ndi la katswiri wathu wojambula amene anamwalira mu 1987. Anthu ambiri Showgrounds amangoidziwa nthawi ya Show mu August.

Amake Tiyamike: Museum bwanji, kapena ndi ya ana a sukulu?

Kondwani: Pitani. Inatsegulidwa 1996, nyumbayo poyamba inali gawo la likulu la UNIP lomwe silinathe momwe ankafunira. Pansi pamakhala zojambula ndi zosema za masiku ano, pamwamba mbiri ya dziko ndi za miyambo, kuli ndi mbali ya zithumwa ndi zaufiti yomwe aliyense amathera nthawi yaitali ngakhale amene amati sakhulupirira kkkk. Mukatuluka, Freedom Statue ili pomwepo, munthu wodula maunyolo uja tinkamuona pa ndalama zaka zonsezi, anaiimika 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu.

Amalume a ku Chilenje: Mukachoka apo mukwere msewu womwewo mpaka Embassy Park moyang'anana ndi Cabinet Office. Apongozi anu sanaionepo chifukwa inayamba 2008 pomwe tinaika a Mwanawasa. Manda awo anawamanga ngati mpando wachifumu wa miyendo inayi, a Chiluba a 2011 ngati kachalichi ndi mtanda pamwamba, a Sata a 2014 potengera kachisi wa Solomo ndi malamulo khumi, ndiye a Kaunda 2021 ndi a Rupiah Banda 2022. Pali wofotokoza amene amakuyendetsani, pakhomo mumalipira kangachepe.

Mbuya Wathu: Nanga nkhani ija ya

Admin: Ayi. Ndale pano tinakana, mukudziwa kale. Tipitirize za alendo.

Mbuya Wathu: Sininakambe kanthu ine kkkk

Dali wa pa msewu: Ngati ana avuta, Lusaka National Park ili chabe ku Leopards Hill uko, anatsegula 2015, muli nyamalikiti, mbidzi, mphalapala, na ana a njovu amasiye amene amawamwetsa mkaka wa m'botolo. Koma ifuna mota na hafu ya tsiku, ndiye muone ngati nthawi ilola. Dzuwa la manje si la masewera, amayi achikulire musawayendetse 13 hours

Wa ku Dedza: Ine ndinene za mall pang'ono, chifukwa mwaiponda kwambiri. Mayi anga atabwera ndinawazungulitsa zonse zakalezi, anasangalala, koma chomwe anakasimba kumudzi ndi masitepe oyenda okha a pa Manda Hill ndi kanema wa pa chinsalu chachikulu. Ife tinazolowera ndiye timaona ngati si kanthu. Munthu amene anasiya Lusaka mashelefu ali mbee, sopo wogula mobisa, kumulowetsa mu shopo yodzaza mpaka kudenga ndi nkhaninso imeneyo. Musawamane.

Kondwani: Mfundo imeneyo ndailandira. Koma madzulo, ola limodzi, osati tsiku lonse.

Amalume a ku Chilenje: Ndipo mukakhala pa Manda Hill muwauze kuti nthawi yawo pamenepo panali thengo ndi udzu. Adzakutsutsani kuti si pano, mudzachita kuwalozera nyumba ya malamulo kuti akhulupirire.

Amake Tiyamike: Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Loweruka m'mawa Dutch market, pobwerera Independence Avenue, Cathedral ndi Embassy Park, nsima ku Thornpark, akapuma madzulo Manda Hill. Lamulungu kutchalitchi, masana Chilenje House ndi Kabwata poti ndi pafupi ndi kunyumba. Lolemba mbandakucha ine ndi alamu ku Soweto, kenako titenge amayi tipite kwa Anaphiri ku Kamwala, museum ngati miyendo ikadalipo. Park tiona ulendo wina. A Dali Loweruka muli free? Galimoto yathu ili kwa makanika.

Dali wa pa msewu: Nilipo asisi, ikani chabe mafuta na T-bone yanga. Nibwera 8 hours, osati ija 8 ya ku Chipata

Mai Busa: Chilenje House muyambe mwafunsa ngati Lamulungu masana amatsegula, mungakapeze geti yotseka ndi munthu wamkulu.

Amalume a ku Chilenje: Ndidutsako mawa popita kogula nyuzi, ndikuuzani.

Anaphiri a ku Kamwala: Tsono poti akubwera kuchokera ku Lilongwe, auzeni anditengereko mpunga wa Kilombero makilo 5, ndalama ndibweza Lolemba.

Wa ku Dedza: Ine Nali wa botolo lalikulu ndi Sobo wa pineapple chonde, ndi usipa ngati angapeze wouma bwino

Mbuya Wathu: Ine kambuzi

Anaphiri a ku Kamwala: Ambuya kambuzi mumudziwa inu? Mudzalira

Kondwani: Tiyi wa Chombe paketi imodzi basi, ine sindivuta.

Amake Tiyamike: Abale inu, apongozi anga mwawasandutsa a transporter? Kkkk ndiwauza alamu, koma katundu akachuluka a basi amalipiritsa, aliyense adzaonjezera yake. Anaphiri nditumizireni ku inbox kuti shopo yanu ili mbali iti, Kamwala ine ndimasochera.

Anaphiri a ku Kamwala: Mukafika pa Luburma mungondiimbira, nditumiza mtsikana adzakutengeni.